Tinenenji Sanamve

Dziko la Tamva silivuta kulipeza. Mumangotsata phokoso. Msewu wake ndi umodzi, wafumbi, wowongoka ngati chingwe. Mukangodutsa chipata, musanaone ndi msika womwe, liwu limakupezani. Ndi liwu la ana zikwi zinayi akuyankhira pamodzi. Masiku amenewo linkachokera pachitunda, mu Nyumba Yolowezera, chinyumba cha njerwa zootcha, mawindo ake ang'onoang'ono ndiponso am'mwamba kuti mwana asaone kunja. Mmenemo mphunzitsi ankanena, ana nabwereza. Akatha ankafunsa kuti, "Mwamva?" Ana ankati, "Tamva!" Basi, phunziro latha, libwere lina. Wokweza mkono kunalibe. Woti mubwerezenso kunalibe. Dzina la dzikolo linachokera pamenepo, ndipo eni ake ankalitchula motukula chifuwa.

Pampando panali Wolemekezeka Mwinidziko Vomerani, Khutu la Makutu, Iye Wosauzidwa Kawiri. Munthu wonenepa bwino, wa mawu ofewa, wosakonda nkhani zazitali pokhapokha akamazinena yekha. Kudzanja lake lamanja kunkakhala nduna ya maphunziro, a Lowezani, mkulu woonda amene ankadziwa pamtima mabuku khumi ndi awiri, kuyambira kutsogolo ngakhale kumbuyo. Malamulo aakulu a dzikolo anali awiri okha. Loyamba: wouzidwa ayankhe kuti wamva. Lachiwiri: wotumidwa achite monga mwa mawu, osawonjezera, osachotsera. Wophwanya limodzi mwa awiriwa ankapita ku Chete, phiri louma kumene anthu amaswa miyala osalankhulana. Obwerako analipo, koma ochepa, ndipo ankabwerako atayiwala kucheza.

Si ana onse ankatha kuloweza. Wina zilembo zinkamuvinira pabolodi. Wina anali wachibwibwi, anzake akafika kumapeto iye adakali pa liwu loyamba. Wina ankafika mochedwa atagona ndi njala. Wina anatenga mimba. Onsewa Nyumba Yolowezera inkawafufuta m'kaundula, niwatcha agonthi, ngakhale makutu awo ankamva bwino lomwe. Ankangoti mbwee mumsika, kunyamula katundu, kutola mabotolo. Dziko silinkawawerenga.

Tinenenji sanali m'gulu limenelo. Kuloweza ankatha. Anali wa zaka khumi ndi ziwiri, mwana yekhayo wa Kapitawo Safunsa, mkulu wa gulu logwetsa zomanga zosaloledwa. Safunsayo pa nthawi yake anali nambala wani mu Nyumba Yolowezera, ndipo mendulo yake ankaivala mpaka ku maliro. Tsiku lina mphunzitsi anati, "Dziko limazungulira dzuwa. Mwamva?" Ana onse anati tamva. Phokoso litazirala panamveka kamawu kamodzi. "Sindinamve, aphunzitsi. Nanga ife sitigwa bwanji?" Choko chinagwa pansi. Madzulo ake kunabwera kalata. Poti ndi mwana, ndipo poti bambo ake ndi a mendulo, ku Chete sapita. Angochotsedwa. Koma akadzanenanso mawu amenewo pagulu, phiri likumudikira.

Safunsa sanamumenye. Anakhala pakhonde, kalata ili pabondo.

"Mwanawe, ukanangoti tamva. Chinakuvuta n'chiyani?"

"Koma sindinamve, bambo."

"Ndani amamva? Ukuyesa ine ndinkamva? Umangotsegula pakamwa limodzi ndi anzako, tsiku n'kutha."

"Ndiye inu mukudziwa chifukwa chake sitigwa?"

"Kalowe m'nyumba."

Kuseri kwa msika, kupitirira ogulitsa makala, m'mphepete mwa ngalande, kunali chisakasa cha Mayi Yesanso. Mizati isanu ndi itatu, denga la malata akale. Mayiwa anali okhoma ndowa ndi mbaula, aafupi, a mikono yolimba, chala chimodzi chopindika chifukwa cha nyundo. Nawonso kale anatchedwa gonthi. Sanaitane mwana aliyense. Ana ankangobwera kudzabisala dzuwa, iwo n'kuwapatsa chochita. Mwana wofuna kudula tsinde la ndowa ankayamba wayeza ndi chingwe, ndiye masamu amenewo. Wovinidwa ndi zilembo ankazikhoma yekha ndi msomali pachidutswa cha lata, nazipapasa ndi chala mpaka zitasiya kuvina. Wachibwibwi ankawerenga moimba. Wa mwana kumsana ankayamwitsa kaye, phunziro n'kumudikira. Ana anafika makumi atatu. Lamulo la pachisakasa linali limodzi, ndipo Mayi Yesanso ankalinena osakweza ndi mutu womwe: "Usandiuze kuti wamva. Ndionetse." Tinenenji anafika kumeneko atazungulira mumsika sabata ziwiri. Tsiku loyamba lomwelo anafunsa funso lake lija. Mayiwo anathira madzi m'kandowa, namanga chingwe, nati, "Zunguza pamwamba pa mutu, mwamphamvu." Madzi sanatayike. "Si yankho lonse limenelo," anatero, "lonselo nanenso sindilidziwa. Koma tayambira apo." Mtsikanayo anabwerera kwawo atanyowa mwendo umodzi, akuseka. Bambo ake anaona, osafunsa.

Nkhani inaululika ndi ndowa. Mkazi wa a Lowezani anatuma wantchito kukagula yatsopano. Itafika, ndunayo inaitembenuza kuti ione ngati ikudontha. Kutsinde kunali timabowo tosapyoza, tokhomedwa ndi msomali, tolembedwa bwino: YAPANGIDWA NDI GONTHI. A Lowezani anawerenga katatu. Chakudya sanadye. Gonthi wolemba! Ngati gonthi akulemba, ndiye kuti amene anamutcha gonthi analakwitsa, ndipo amene anamutcha gonthi anali iwowo. M'mawa mwake anali kubwalo la Mwinidziko, ndowa ili m'manja.

"Wolemekezeka, Khutu la Makutu, Inu Wosauzidwa Kawiri, mthunzi wa ana a dziko lino," anayamba motero atagwada bondo limodzi, "ndabwera ndi mtima wolemera. Akazitape anga andiuza kuti kuseri kwa msika kuli mkazi wina wosonkhanitsa ana amene ife tinawayesa ndi muyeso wolungama n'kuwapeza operewera. Akuwapatsa nyundo. Akuwapatsa misomali. Choopsa koposa, Wolemekezeka, akuwapatsa mafunso. Lero ndi makumi atatu. Mawa ana athu enieni adzayamba kutsetsereka pachitunda kutsata phokoso la malata, ndipo tsiku lina, pepani kuti ndinene, Inu mudzalankhula pabwalo lino wina n'kukweza mkono."

Mwinidziko anasuntha pampando. "Kukweza mkono? Kwa ine?"

"Kwa Inu, Wolemekezeka."

"Sukulu imeneyo igwe."

Bwalo linazizira. A Lowezani anatsokomola. "Pepani, Wolemekezeka, lilime langa ndi losayenera kukonza lanu. Koma sukulu m'dziko lino ndi imodzi. Tikalemba kuti sukulu, tavomera kuti zilipo ziwiri. Tikalemba dzina la mkaziyo, tamulowetsa m'mabuku a boma, zidzukulu zidzamuwerenga. Mundilole ndilembe lamulo mosatchula. Wanzeru aliyense adzadziwa kumene likuloza."

Analoledwa. Kumsika sanatsike, pakuti nduna siyenda m'matope a ogulitsa makala. Anakhala muofesi yawo, nasankha mawu okoma, nawawerenga mokweza mpaka atakhutira. Kenaka anaitana Kapitawo Safunsa. Anamuwerengera kamodzi: "Nyumba yaphokoso ija, yogonthetsa ana a dziko lino, mmene ana amataya tsiku lathunthu natulukamo opanda kanthu m'mutu, makoma ake onse agwetsedwe mawa dzuwa lisanalowe. Mwamva?"

"Tamva!" anatero Safunsa, zidendene zitagundana. Mawu onse anali atalowa kale, palibe limodzi lotayika. Mphekesera za chisakasa chija nazo anali atazimva, monga aliyense mumzindamo.

Kutacha Safunsa anapeza mwana wake akumanga nsapato.

"Lero usapite."

"Bwanji?"

"Ndati usapite. Wamva?"

Tinenenji anamuyang'ana. Anamaliza kumanga nsapato. Bambo ake atangokhota pangodya, iye anadzera njira yachidule ya kuseri kwa chigayo.

Gulu linafika kumsika dzuwa litakwera pang'ono. Amuna makumi awiri, mapiki paphewa, nyundo zazikulu, zingwe. Pambuyo pawo mlembi wa nduna, mnyamata wa tayi, atakumbatira buku lakuda lolembamo opita ku Chete. Ogulitsa makala anakokera matumba awo pambali. Amayi a tomato anavundikira malonda ndi zitenje. Pachisakasa nyundo zinaleka kulira imodzi imodzi. Ana anaunjikana kumbuyo kwa Mayi Yesanso. Khanda linayamba kulira, mayi wake nalitseka ndi bere. Safunsa anaima kutsogolo. Anamuona mwana wake, wachitatu kuchokera kumanzere, msomali uli m'manja. Anayang'ana kumbali. Ananena lamulo lonse ndi liwu la pabwalo, osaphonya ngakhale popumira.

"Mwamva?"

"Tamva!" unayankha msika wonse, ogulitsa, ogula, ogwetsa, ndi mlembi yemwe.

"Sindinamve, bambo."

Palibe anatembenuka. Aliyense anadziwa mwini liwulo. Mlembi anatsegula buku, nanyowetsa chala, nayamba kufunafuna tsamba loyera. Mendulo ya Safunsa inkakwera ndi kutsika pachifuwa.

"Dzina lonse la mwanayo, a Kapitawo?" anatero mlembi. "Ndikhulupirira mukulidziwa."

Mayi Yesanso anaika nyundo pansi. Anapukuta manja pachitenje. Anayenda mpaka pakati, pamene mthunzi wa denga unkathera.

"A Kapitawo, takulandirani, inu ndi anyamata anu. Lamulo la Mwinidziko ife sitikana, ndife ayani? Mwanayu naye sakukana. Kungoti kuno tinamuzoloweretsa moipa. Munthu akanena mawu, timamupempha ationetse. Ndiye tithandizeni. Mwati makoma onse agwe. Tionetseni makomawo. Nyundo tili nazo, tikuthandizani kugwetsa, muweruke msanga."

Amuna makumi awiri anayang'ana chisakasa. Anayang'ana kumanzere, mphepo ikudutsa. Kumanja, mbuzi inalowa mbali ina n'kutulukira ina. Wina kumbuyo anatsitsa piki pang'onopang'ono. Mayi wina wa tomato anaseka kamodzi, nadzitseka pakamwa.

"Zachibwana zimenezo!" anakuwa mlembi. "Aliyense akudziwa kuti ndi pano. Gwetsani mizatiyo! Sasulani denga!"

Safunsa anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba tsikulo anayang'ana munthu m'maso.

"Mwati chiyani, alembi?"

"Ndati mizati."

"Mizati." Safunsa ananenanso lamulo lonse, pang'onopang'ono, ngati woyenda pamiyala yoterera. "Ine mizati sindikuipezamo. Denga sindikulipezamo. Kapena inu muli ndi lamulo lina? Chifukwa ngati ndi lomweli, mwawonjezera mawu awiri, msika wonse ukumva. Lamulo lachiwiri mukulidziwa. Buku muli nalo m'manja. Lembani mayina awiri, la mwanayo ndi lanu. Apo ayi, musalembe lililonse."

Cholembera chinaima m'mwamba. Thukuta linatsika m'khosi mwa mlembi mpaka kunyowetsa tayi. Anatseka buku.

Koma nkhani sinathe. Dzuwa linali kuyenda, ndipo lamulo linati makoma agwe lisanalowe. Kapitawo wobwerera osagwetsa kanthu wachotsera mawu, naye ndi wa ku Chete, iye ndi anyamata ake onse. Amunawo ankadziwa zimenezo. Anayamba kung'ung'udza. Wina anati tingogwetsa mizatiyo, ndani adzafunsa. Wina anagwira kale chingwe. Safunsa anakweza dzanja.

"Lamulo lati ana opanda kanthu m'mutu. Iwe, bwera kuno." Analoza kamnyamata kosavala nsapato. "M'mutu mwako muli chiyani?"

"Ndi... ndi... ndi..." Kamnyamatako kanatseka maso. Kenaka kanayamba kuimba. Kanaimba zolembedwa pamendulo ya kapitawo, chaka chake ndi mawu ake onse, kenaka kanasiya nyimbo, kakuloza ndi chala. "A-apa a-anaiwala chilembo."

Safunsa anaweramitsa mutu. Anayang'ana mendulo imene anaivala zaka makumi awiri. Chilembo chinalidi chosowa.

Nthawi yomweyo mphepo inatembenuka. Kuchokera pachitunda linatsika liwu lija, lolemera, la ana zikwi zinayi. "Tamvaaa!" Malata a chisakasa ananjenjemera. Khanda linadzidzimuka. Mitu yonse ya mumsika inatembenukira kumtunda, kumene makoma ofiira anaima aataliatali padzuwa. Mlembi anayamba kupukusa mutu, poyamba pang'ono, kenaka mwamphamvu.

"A Kapitawo, musayerekeze. A Kapitawo!"

"Yaphokoso," anatero Safunsa. "Ya makoma. Ya ana. Kwatsala chimodzi choti ndikaone. Anyamata, mapiki paphewa."

Anakwera chitunda, msika ukuwatsata chapatali. Mphunzitsi wamkulu anawalandira pakhomo mwaulemu, poyesa abwera kudzaona ana. Safunsa anapempha nambala wani wa chaka chimenecho. Anabwera mnyamata waukhondo, malaya owongoka. Anauzidwa kuti anene phunziro lililonse. Anati, "Dziko limazungulira dzuwa."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Dziko limazungulira dzuwa."

"Ndamva. Ndikuti undionetse. Tenga mwala uwu ndi uwu. Lili kuti dziko, lili kuti dzuwa?"

Mnyamatayo anayang'ana miyala. Anayang'ana mphunzitsi wamkulu. Mphunzitsi wamkulu anayang'ana kudenga. Mnyamatayo anakoka mpweya, nakuwa ndi mphamvu zake zonse, misozi ili m'maso, "Dziko limazungulira dzuwa!"

Safunsa anamugwira paphewa. Dzanja linakhalitsa pamenepo. "Usalire, mphwanga. Inenso ndinali nambala wani." Kenaka anatembenukira aphunzitsi. "Tulutsani ana onse. Muwawerenge kawiri. Mabuku atuluke, mabenchi atuluke. Lamulo latchula makoma okha. Mwamva?"

"Tamva!" anatero aphunzitsi, nathamanga kukachita.

Piki yoyamba anaponya Safunsa yekha. Njerwa zinali zakale, matope ake ofumbwa. Khoma lakum'mawa linagwa masana, fumbi lofiira n'kuphimba theka la mzinda. Ana zikwi zinayi anakhala paudzu, akuphethira, poti ambiri anali asanaonepo chitundacho dzuwa lili pamutu. Khoma lomaliza linagwa mithunzi itatalika.

A Lowezani anafika kubwalo akuthamanga, nsapato imodzi itatsala panjira. Safunsa anali atafika kale, wofiira ndi fumbi kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, ataima mowongoka pamaso pa Mwinidziko.

"Wolemekezeka! Khutu la Makutu! Munthu uyu wapha dziko! Walakwitsa nyumba! Apite ku Chete lero lomwe, iye ndi mbumba yake!"

Mwinidziko Vomerani sanafulumire. Bwalo linali lodzaza, ndipo anthu ankamuyang'ana. "A Lowezani, nduna yanga yokhulupirika, tandikumbutsani. Lamuloli analemba ndani?"

"Ine, Wolemekezeka."

"Munamufunsa ngati wamva?"

"Ndinamufunsa."

"Anati chiyani?"

"Anati wamva. Koma..."

"Ndiye mukundiuza, pamaso pa anthu onsewa, kuti munthu wa mendulo, nambala wani wa Nyumba yanu, wophunzitsidwa ndi mabuku anu khumi ndi awiri, akhoza kunena kuti tamva asanamve? Pakuti ngati ndi choncho, a Lowezani, ndiye kuti zaka zonsezi anthu anga akhala akundiyankha chiyani?"

A Lowezani anatsegula pakamwa. Anafufuza m'mabuku onse khumi ndi awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Yankho munalibe.

"Anamva, Wolemekezeka," anatero motsitsa.

"Kwezani mawu."

"Anamva bwino lomwe."

"Ndiye wagwetsa nyumba yoyenera. Tikuthokozani chifukwa cha lamulo lanzeru. Tsono ana anga zikwi zinayi sangakhale paudzu. Ndamva kuti kuseri kwa msika kwatsala denga. Mawa mutsikeko nokha, mukapemphe malo."

A Lowezani anatsika m'mawa, atavala mkanjo wa unduna, mawu opempha atawaloweza bwino. Matope a ogulitsa makala anawafika m'akakolo. Chisakasa sichinkaoneka ndi anthu. Ana anali atakhala mpaka kungalande, m'magulumagulu, gulu lililonse lili ndi gonthi mmodzi pakati akuonetsa. Uko Tinenenji ankazunguza kandowa pamwamba pa mutu, aphunzitsi atatu akubwerera m'mbuyo kuopa kunyowa. Mayi Yesanso anali kukhoma mbaula, osakweza mutu. A Lowezani anaima pamzati woyamba. Anakonza kukhosi. Asanayambe, wina anawakoka mkanjo. Kanali kamtsikana ka mano ogweluka, kogawa malo, kosadziwa nkhope za akuluakulu. Kanawapatsa msomali ndi chidutswa cha lata.

"Mwabwera kudzayamba, agogo? Khalani apo, pafupi ndi a Kapitawo. Musachite manyazi. Iwonso ayamba lero."